Gitala wa Malemu: Tingadziwe Bwanji Zaka Zake?

M'nyumba zambiri za ku Matero, Chilenje, Wusakile, Chifubu ngakhalenso ku Kapata muli katundu wina amene sakhudzidwa pa tsiku losesa. Ali pamwamba pa wadiropu kapena kunsi kwa bedi, wokulungidwa m'citenje cakale: gitala wa magetsi wa atate kapena wa amalume amene anatsogola. Nsambo zake zinacita dzimbiri, ina inaduka, ndipo m'banjamo mulibe wodziwa kumuliza. Pogawa cuma ca masiye abale anakangana za wailesi ndi mipando, koma gitalayo anamsiyira aliyense womfuna.

Masiku ano zinthu zatembenuka. Nyimbo za m'zaka za m'ma 1970, za magulu monga WITCH, Musi-O-Tunya, Amanaz ndi Ngozi Family ya malemu Paul Ngozi, zija zochedwa Zamrock, zinayamba kutulutsidwanso kunja ca m'ma 2010, ndipo maso a anthu akutali anatembenukira ku zinthu za nyengo imeneyo. Ku maiko a azungu kuli msika waukulu wa magitala akale, kumene mtengo utsamira kwambiri pa caka. Magitala awiri a dzina limodzi, wina wa 1964 wina wa 1976, angasiyane mtengo kangapo konse. Tsono mlendo akafika pakhomo nanena kuti, "Amai, gitala uyu ndi wa posacedwa, koma ndingakupatseniko kangacepe," mai wamasiyeyo amuyankha ciani?

Akulu athu ambiri analibe cikalata ca kubadwa. Pamene anapita kukatenga reji, kalaliki wa boma anawafunsa kuti pa nkhondo ya Hitler anali a msinkhu wanji, anavinidwa pamodzi ndi yani, mwana wao woyamba anabadwa ufulu usanadze kapena utadza. Kucokera m'mayankho amenewo caka cinapezeka. Gitala nayenso afufuzidwa motero. Ali ndi mboni zingapo m'thupi mwake, ndipo palibe imodzi yoyenera kuikhulupirira payokha.

Nambala ya fakitale

Aliyense ayamba ndi nambala, popeza ndiyo ioneka msanga. Tiyambe ndi magitala a Fender, amene Leo Fender anayamba kupanga ku Fullerton m'cigawo ca California: Telecaster, amene anatuluka mu 1950 ndi dzina la Broadcaster nalandira dzina lake lamakono mu 1951, ndi Stratocaster wa 1954.

Leo Fender anali wokonza mawailesi, ndipo gitala wake anampanga monga makina. Thupi lisemedwa palokha, khosi palokha, kenaka ziwirizi zimangidwa pamodzi ndi mabauti kumbuyo. Kuyambira 1954 nambala inadindidwa pa kacitsulo kogwira mabautiwo. Tizitsulo timeneti tinadindidwa tambirimbiri nthawi imodzi ndi kuthiridwa m'bokosi, ndipo mmisiri anangotolamo kalikonse kamene dzanja lake lagwira. Cotero nambala yaing'ono sitanthauza kuti gitalayo ndiye wamkulu. David Gilmour wa gulu la Pink Floyd anali ndi Stratocaster wa nambala 0001, amene anagulitsidwa pa madola 1,815,000 mu 2019. Munthu angalumbire kuti ameneyo ndiye mwana woyamba kubadwa, koma deti lolembedwa pa khosi lake ndi la Juni 1954, pamene anzake ena anali atatuluka kale m'fakitale.

Komabe nambala itiuza nyengo. Ikayamba ndi cilembo L cotsatidwa ndi manambala asanu, tili pakati pa 1963 ndi 1965. Kacitsuloko kakakhala ndi cilembo cacikulu F ndi manambala asanu ndi limodzi, tili pakati pa kumapeto kwa 1965 ndi 1976. Mu 1976 nambala inasamukira ku mutu wa gitala, ndipo posakhalitsa inayamba ndi cilembo coimira zaka khumi: S ca m'ma 1970, E ca m'ma 1980, N ca m'ma 1990. S8 ndiye kuti 1978. Izi zioneka zosavuta, koma fakitale inasindikiza timapepala ta manambala tambiri koposa magitala a caka cimodzi, ndipo sinataye totsala. S9 anamatidwabe m'caka ca 1980 ndi 1981, E4 anafika mpaka 1987, ndipo N9 apezeka pa magitala a 1990 ndi a 1999 omwe.

Pali mzere umodzi umene ogula onse aulemekeza. Mu Januwale 1965 Leo Fender anagulitsa kampani yake kwa a CBS pa madola 13 miliyoni. Eni atsopano anaculukitsa magitala, nasintha zinthu zambiri, ndipo ogula amati a kale ndiwo abwino. Ngati zimenezo nzoona pa gitala aliyense, oimba akangana mpaka lero, ndipo ife tiona kuti pali kukokomeza ndithu. Jimi Hendrix analiza magitala a nthawi ya CBS ndipo palibe anadandaula. Koma msika sumvera maganizo athu. Kwa ife a kuno mzerewo ngosavuta kukumbukira: dziko lathu linalandira ufulu mu Okutobala 1964, miyezi iwiri ndi masabata ocepa CBS isanalowe. Fender wamkulu kuposa Zambia ndiye afunidwa koposa.

Zolembedwa m'malo obisika

Mboni yaciwiri ili pa tsinde la khosi, pamene lilowa m'thupi. Kuti tiione tiyenera kukhwefula nsambo, kumasula mabauti a kumbuyo ndi kukweza khosi pang'onopang'ono. Nchito iyi ifuna mmisiri wa manja ofatsa, cifukwa penti wa m'mbali akhoza kuthetheka. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo ticenjeze msanga: izi nza Fender yekha ndi ena omangidwa ndi mabauti. Khosi la Gibson nlomatidwa ndi guluu, ndipo wolikakamiza athyola gitala.

M'zaka za m'ma 1950 mmisiri womaliza kusema khosi analemba mwezi ndi caka ndi pensulo, monga 6-54, nthawi zina pamodzi ndi zilembo za dzina lake. Makosi a zilembo TG, a Tadeo Gomez, alemekezedwa kwambiri lero, ngakhale mwini wake anali wanchito wamba. Kuyambira 1962 anayamba kudinda ndi inki. Tiyerekeze kuti tapeza cidindo cakuti 2 MAR 64 B. Ambiri awerenga kuti tsiku laciwiri la Malichi 1964. Mwezi ndi caka alondola, koma 2 si tsiku ai: ndi nambala ya mtundu wa gitala, 2 kuimira Stratocaster, 3 kuimira Telecaster. Cilembo B cinena za kutambalala kwa khosi, ndipo ndiwo muyeso wa magitala ambiri. Kuyambira 1969 fakitale inayamba kudinda manambala ena osachula mwezi poyera, ndipo pamenepo tiyenera kutsamira pa mboni yacitatu.

Mboni imeneyi ndiyo tiikonda koposa, cifukwa ilankhula pa magitala a makampani ambiri a ku America. Kunsi kwa tija topotokola pokweza kapena potsitsa mau kuli tizitsulo tozungulira, tonga tivindikiro ta mabotolo, timene amisiri acha mapoti. A Fender ndi a Gibson sanapange okha mapoti. Anagula kwa makampani opanga zipangizo za mawailesi, ndipo makampaniwo anadinda pa poti iliyonse nambala yonena wopanga, caka ndi sabata. Manambala atatu oyamba ndiwo dzina la kampani: 137 ndi CTS, 304 ndi Stackpole, 134 ndi Centralab. Otsatira ndi caka, ndipo awiri omalizira ndi sabata la cakaco.

Tiyese pamodzi. Poti yolembedwa 1377634 tiigawa motere: 137, 76, 34. Inapangidwa ndi CTS mu 1976, sabata la 34, ndiye kuti m'mwezi wa Ogasiti. Mapoti a m'ma 1950 ali ndi manambala asanu ndi limodzi okha, popeza caka cinalembedwa ndi nambala imodzi: 304821 ndi Stackpole, caka cothera ndi 8, sabata la 21. Ngati ndi 1948 kapena 1958, gitala mwini atiuza, cifukwa mu 1948 kunalibe Telecaster kapena Stratocaster. Manambala awiri omalizira akapitirira ciwerengero ca masabata a caka, tidziwe kuti tawerenga nambala ina ya katundu, tifune ina pambali pake.

Koma poti itiuza ciani kwenikweni? Itiuza tsiku limene iyo inabadwa, osati gitala. Gitala sangakhale wamkulu kuposa poti imene anatuluka nayo m'fakitale, koma angakhale wamng'ono ndi miyezi kapena zaka. Mu 1966 a CBS anagula mapoti oculuka kwambiri kotero kuti anali kuwaikabe m'magitala mpaka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970. Cina nciti: poti ndiyo iyamba kuonongeka. M'zaka zija za kusowa kwa ndalama zakunja, woimba wa kalindula poti ikayamba kukhwekhwereza sanalembe kalata ku California. Anapita kwa wokonza mawailesi pa msika, amene anamuikira iliyonse yokwana pa bowo. Cotero tiyang'ane mtovu wowocherera mawaya. Wa ku fakitale ngwaudongo ndi wothimbirira mofanana ponseponse. Ukakhala wonyezimira pa poti imodzi, kapena wounjikana ngati phala, dzanja lina linapitapo. Nthawi zina mtovuwo uphimba nambala imene tifuna. Tisaupale, tiwerenge poti ina.

Pa Telecaster mapoti aoneka pomasula timabauti tiwiri. Pa Gibson Les Paul pali kacitseko kumbuyo. Pa Stratocaster tiyenera kucotsa nsambo ndi cipulasitiki conse ca pamimba, ndipo tikatero tionenso kunsi kwa ma-pickup, tija ta maginito tozengedwa waya wa mkuwa timene timva kunjenjemera kwa nsambo. Akale ngakuda kunsi. Kuyambira 1964 ngotuwa, ndipo ambiri ali ndi deti lolembedwa pamanja. Ena mwa iwo anazengedwa ndi mai Abigail Ybarra, amene analowa nchito kwa Fender mu 1956 napuma mu 2013.

Nkhope yake

Tisanagwire sikuludiraiva nkomwe, maonekedwe atiuza zambiri. Pa Stratocaster, khosi la mtengo woyera lokhalokha ndi la 1954 mpaka pakati pa 1959. Pambuyo pake anamatapo thabwa lakuda la rosewood, ngakhale loyera linabweranso m'zaka zotsatira. Cipulasitiki ca pamimba cinali ndi timabauti 8 mpaka 1959, kenaka 11. Mutu unali waung'ono mpaka kumapeto kwa 1965, pamene a CBS anaukulitsa. Mu 1971 mabauti a khosi anacoka pa anai kufika pa atatu, ndipo pa mutu panatuluka kacitsulo konga cipolopolo. Ca m'ma 1968 penti wopyapyala, amene ang'ambika timizere ngati mbale yakale, analowedwa m'malo ndi wocindikala wonga galasi, ndipo mawaya okutidwa nsalu analowedwa m'malo ndi a pulasitiki. Wogulitsa akanena kuti gitala wa mabauti atatu ndi wa 1962, tingamthokoze ndi kupitiriza ulendo.

Gibson, Japan ndi onyenga

A Gibson a ku Kalamazoo m'cigawo ca Michigan anali ndi njira zao. Pa magitala a thupi losabooka a 1953 mpaka 1960, nambala inadindidwa ndi inki kumbuyo kwa mutu, ndipo nambala yoyamba ndiyo caka: yoyamba ndi 9 ndi ya 1959. Les Paul Standard wa 1958 mpaka 1960, amene anapangidwa pafupifupi 1,700 okha, ali m'gulu la magitala okwera mtengo koposa onse. Koma kuyambira 1961 mpaka 1975 m'mabuku a kampaniyi munalowa cisokonezo. Nambala imodzimodzi inapatsidwa kwa magitala a zaka zosiyana, kawiri ngakhale katatu. Cothandiza ncakuti kuyambira 1970 anayamba kudinda mau akuti MADE IN USA kunsi kwa nambala, ndipo kumbuyo kwa khosi, pamene likumana ndi mutu, anasiyapo kacotupa kolimbitsa. Zikasowa ziwirizi, tiganize za m'ma 1960. Zikapezeka, za m'ma 1970. Kenaka mapoti aweruze.

Mu 1977 anakonza njira yabwino ya manambala 8. Loyamba ndi lacisanu pamodzi apanga caka, atatu a pakati pao ndi tsiku la cakaco, ndipo atatu omalizira ndi malo a gitalayo pa mzere wa tsikulo. Nambala 82343512 itipatsa caka ca 83 ndi tsiku la 234, ndiye kuti 22 Ogasiti 1983. Popeza 512 apitirira 500, gitalayo anacokera ku fakitale ya ku Nashville. Ocepera 500 anali a ku Kalamazoo, kumene kunatsekedwa mu 1984.

Tisadabwe tikapeza kuti gitala wa m'nyumba mwathu sanacokere ku America konse. Fender ndi Gibson anali a mtengo wapatali kwa mnyamata wa ku migodi, ndipo mafakitale a ku Japan anatumiza pa dziko lonse magitala ochipa a maina monga Teisco, Guyatone, Aria ndi Ibanez. A m'ma 1970 anafanana kwambiri ndi a ku America, kotero kuti mu 1977 eni a Gibson anasumira kampani yogulitsa Ibanez ku America cifukwa ca kasemedwe ka mutu. Mlanduwo unathera kunja kwa khoti. Magitala amenewa sali onyozeka, ndipo ali ndi owafuna ao. Ibanez wa 1975 mpaka pakati pa zaka za m'ma 1980 ngosavuta kuwerenga: cilembo ndi mwezi, A kuimira Januwale mpaka L kuimira Disembala, ndipo manambala awiri otsatira ndi caka. C77 ndi Malichi 1977. Mu 1982 a Fender eni ake anayamba kupangitsa magitala ku Japan, oyamba okhala ndi zilembo JV. Pakati pa zaka za m'ma 1980 a ku Japan naonso anagwiritsa nchito cilembo E, cotero tiwerenge bwino dziko lolembedwa pa mutu kapena pa tsinde la khosi.

Wa ku Japan wonyamula dzina lakelake sananame. Wabodza ndi uja wovala dzina la mwini. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kapepala ka dzina la Fender kagulidwa ndi kumatidwa pa mutu uliwonse, kacitsulo ka nambala ya L nakonso kagulidwa, ndipo pali amisiri odziwa kukalambitsa penti mwadala. Mu Novembala 2024 a kasitomu a ku Los Angeles anaonetsa magitala abodza a dzina la Gibson oposa 3,000 amene anawagwira pa doko. Cizindikiro cimodzi cosavuta: kacivindikiro konga belu ka pa mutu wa Gibson weniweni kamangidwa ndi timabauti tiwiri, pamene pa abodza ambiri pali titatu.

Kuweruza mlandu

Mboni zonse zikalankhula, tiweruza bwanji? Tiyerekeze Stratocaster wa mutu waukulu, mabauti anai, kacitsulo ka F, mapoti a 1376630, ndi cidindo ca pa khosi cochula SEP 69. Mwini akondwera ndi mapoti nanena kuti ndi wa 1966. Koma gitala sangatuluke m'fakitale khosi lake lisanasemedwe. Ciwalo cacing'ono pa zonse zimene anabadwa nazo ndico cilamula, ndipo tiwonjezerepo masabata kapena miyezi ya kumanga ndi kupenta. Ameneyu ndi wa kumapeto kwa 1969 kapena kuciyambi kwa 1970, ndipo mboni zake zonse zigwirizana. Zikanakhala kuti khosi linena 1963 pamene thupi lili ndi mabowo atatu a mabauti, tikanadziwa kuti ndi magitala awiri okwatitsidwa.

Wokwatitsidwa wotere alibe caka cimodzi, ndipo mtengo wake utsika. Komabe pali cina cimene cingaukweze. Mu 1970 Eric Clapton anagula ma-Stratocaster akale asanu ndi mmodzi ku Nashville, napatsa atatu kwa George Harrison, Pete Townshend ndi Steve Winwood, ndipo pa atatu otsalawo anasankha ziwalo zabwino napanga mmodzi, amene anamucha Blackie. Mu 2004 gitala wa zigambazigamba ameneyu anagulidwa pa madola 959,500. Ogula analipira manja amene anamuliza. Kwa ife izi zitanthauza kuti ngati malemu anaimba m'gulu lodziwika, cithunzi cao atanyamula gitalayo pa nsanja, cikuto ca mbale ya galamafoni, lisiti la sitolo, ngakhale umboni wolembedwa wa mnzao wa m'gulu amene akali moyo, zonsezi zisungidwe pamodzi ndi gitala. Zipsera za pa thupi lake zikafanana ndi za pa cithunzi, umenewo ndi umboni wosagulika pa msika.

Cifukwa cake tipempha mabanja kuti asamkongoletse. Mwana wacikondi aona penti wakhungudzuka, atenga sandipepa ndi citini ca penti wa galimoto kuti alemekeze atate ake, osadziwa kuti wafafaniza mboni ndi kudula mtengo mwina ndi theka. Nsanza youma ikwanira. Ciwalo cikasinthidwa kuti gitala alirenso, cakaleco ciikidwe m'kathumba ndi kusungidwa m'bokosi lake. Pa tsiku limene mmisiri atsegula, mujambule zonse ndi foni, tsinde la khosi, mapoti, kunsi kwa ma-pickup, kuti pasafunike kutsegulanso kwa wogula aliyense.

Zithunzizo zili ndi nchito inanso, pa malire a dziko. Thabwa lakuda la pa khosi la magitala ambiri a Gibson a m'ma 1950, ndi a Fender a 1959 mpaka pakati pa zaka za m'ma 1960, ndi rosewood wa ku Brazil. Mtengo umenewu unatsala pang'ono kutha, ndipo mu 1992 unaikidwa pa mndandanda wokhwima koposa wa pangano la maiko la CITES, pangano lomwelo limene mu 2019 linayamba kuyang'anira malonda a mukula wathu. Gitala wa thabwa limeneli saloledwa kugulitsidwa kunja popanda cikalata ca boma cotsimikiza kuti anapangidwa 1992 isanafike. Akapita wopanda cikalata, a kasitomu a dziko limene afikira ali ndi mphamvu yomulanda, ndipo wogula ndi wogulitsa onse atsala manja lende. Pofunsira cikalataco, ofesi idzafuna dzina la wopanga, nambala ya fakitale ndi caka, pamodzi ndi umboni wa mmene cakaco cinapezekera.